Mtundu Umene Unakana Kupemphera M'chilankhulo cha Eni

Khalani pansi ana anga, nkhani ya lero ndi ya kutali. Kumadzulo kwa England kuli dziko laling'ono lamapiri, lamvula yosakata, kumene nkhosa n'zambiri kuposa anthu. Dzina lake ndi Wales. Ambirife tikamva za Britain timangoti onse kumeneko ndi Angerezi, koma si choncho. Awelshi ndi mtundu paokha, ali ndi chilankhulo chawo chimene Mngerezi sachimva, ndipo makolo awo anali kale pa chilumbacho makolo a Angerezi asanawoloke nyanja. Mbiri ya mipingo yawo ndi mbiri ya anthu amene kwa zaka mazanamazana ankalimbana kuti alankhule ndi Mulungu m'mawu amene anayamwira.

Chikhristu chinawafika m'masiku a ulamuliro wa Roma. Mabuku akale amatchula amuna awiri, Julius ndi Aaron, amene anaphedwa chifukwa cha chikhulupiriro ku Caerleon, kumene kunali linga la asilikali a Roma. Asilikaliwo atachoka cha m'ma 410, mbali ya kum'mawa kwa chilumbacho inalandidwa ndi mafuko ochokera kutsidya la nyanja, makolo a Angerezi, amene ankapembedza milungu yawo. Koma m'mapiri a kumadzulo moto wa Uthenga sunazime.

Zaka za m'ma 500 ndizo Awelshi amazitcha nthawi ya oyera mtima. Kunali Illtud, amene anali ndi sukulu yotchuka ku Llanilltud Fawr. Kunali Deiniol, amene anayambitsa mpingo wa ku Bangor. Woposa onse anali Dewi, amene Angerezi amamutcha David. Amati amonke ake sankalima ndi ng'ombe, ankadzikokera okha pulawo pamapewa. Chakudya chawo chinali buledi, ndiwo zamasamba ndi madzi basi, ndipo kunali kulakwa mmonke kunena kuti buku ili ndi langa. Dewi anamwalira pa 1 Marichi, cha m'ma 589, ndipo mpaka lero tsikuli ndi la chikondwerero cha mtundu wonse. Munthu wa Mulungu akafika pamalo, ankatchinga kampanda, n'kumangamo kanyumba kopemphereramo, anthu n'kuyamba kumanga mozungulira. Kampandako ankakatcha llan, n'chifukwa chake midzi yambiri ya ku Wales ili ndi maina ngati Llandeilo, Llanelli ndi Llandudno.

Tsono Papa Gregory anatuma Augustine kukalalikira kwa Angerezi, ndipo iye anafika mu 597 n'kukhazikika ku Canterbury. Patapita zaka zochepa anaitanitsa mabishopu a kumadzulo kuti akhale pansi pa ulamuliro wake. Nkhani imene analemba mmonke wachingerezi Bede imati mabishopuwo asananyamuke anakafunsa nzeru kwa nkhalamba ina yopemphera imene inkakhala yokha. Nkhalambayo inawauza kuti afike mochedwerapo, Augustine atakhala kale pampando. Akaimirira kuwalonjera, ndiye kuti ndi munthu wa Mulungu, amumvere. Akangokhala pansi, ndi wodzikuza. Atafika, Augustine sananyamuke. Zokambirana zinathera pomwepo.

Pamenepa sindikuikira kumbuyo mbali imodzi. Augustine analakwa kunyoza anthu amene anasunga chikhulupiriro iye asanabadwe. Koma Awelshi nawo anakana kulalikira kwa Angerezi chifukwa cha mkwiyo wa dziko lawo lolandidwa, ndipo mkwiyo wotere ngakhale umamveka, suyenera mlaliki. Anapitiriza kuchita Pasaka pa tsiku lawo losiyana ndi la ku Roma mpaka mu 768, pamene bishopu Elfodd anawagwirizanitsa ndi anzawo.

Za zaka zotsatira ndidutsa msanga. A Norman atagonjetsa England mu 1066, anayamba kulowerera ku Wales, ndipo mu 1115 anaika munthu wawo, Bernard, kukhala bishopu wa St Davids, pampando wa Dewi weniweniyo. Mpingo wa Wales unagwera m'manja mwa Canterbury. Gerald wa ku Wales anayenda maulendo kupita ku Roma kukadandaula kuti St Davids iziima payokha, koma sizinatheke. Amonke a ku Strata Florida, nyumba imene inayamba mu 1164, ndiwo anakhala kumbali ya mafumu a Awelshi, kulemba mbiri yawo ndi kuwaika m'manda akamwalira. Mu 1282 Llywelyn, kalonga wotsiriza wodziimira payekha, anaphedwa. Ndipo pamene Owain Glyndŵr anaukira Angerezi, kalata imene analembera mfumu ya France ali ku Pennal mu 1406 inapempha kuti mpingo wa Wales umasuke ku Canterbury, ndi kuti ansembe azikhala odziwa chilankhulo cha anthu. Mwamva? Kale lomwelo dandaulo linali lomweli.

Henry VIII atapatukana ndi Papa, anatseka nyumba zonse za amonke n'kulanda chuma chake. Mu 1536 anakhazikitsa lamulo lophatikiza Wales ndi England, lonenanso kuti wosadziwa Chingerezi asapatsidwe udindo m'boma. Patapita zaka zingapo, m'matchalitchi Chilatini chinachotsedwa, m'malo mwake munalowa Chingerezi. Taganizani mlimi wa nkhosa wa m'phiri. Chilatini sankachimva, komabe anakula nacho, ankadziwa pogwada ndi poimirira. Tsopano amuchotsera chimene anazolowera, amupatsa chinanso chosamveka. Magazi anakhetsedwa mbali zonse ziwiri. Mu 1555, Mfumukazi Mary atabwezeretsa Chikatolika, bishopu Robert Ferrar anatenthedwa ku Carmarthen, ndipo msodzi wina, Rawlins White, anatenthedwa ku Cardiff. Mphepo itatembenuka, mphunzitsi wachikatolika Richard Gwyn anaphedwa mwankhanza ku Wrexham mu 1584.

Apa ndi pamene panachitika chinthu chachikulu koposa mu mbiri yonseyi. Boma la Elizabeth I linaopa kuti Awelshi akapanda kumva zimene zikunenedwa m'tchalitchi adzakhalabe Akatolika mumtima. Choncho mu 1563 nyumba ya malamulo inalamula kuti Baibulo ndi buku la mapemphero zimasuliridwe m'Chiwelshi. Lamulolo linatinso Baibulo la Chingerezi liziikidwa pambali pake, kuti anthu poyerekeza awiriwo aphunzire Chingerezi. Iwo ankaganiza kuti akumanga mlatho wopita ku Chingerezi, koma zimene zinatuluka ndi zina.

Woyamba anali William Salesbury, amene mothandizana ndi bishopu Richard Davies anatulutsa Chipangano Chatsopano mu 1567. Anali munthu wophunzira kwambiri, ndipo kuphunzirako kunamupweteketsa, pakuti ankalemba mawu a Chiwelshi mowakhotetsera ku Chilatini, mwakuti wowerenga pa guwa ankapunthwa mzere uliwonse. Ntchitoyo inamalizidwa ndi wansembe wa kumudzi, William Morgan, mwana wa mlimi wobwereka munda, amene anakaphunzira Chiheberi ndi Chigiriki ku Cambridge. Ali pa parishi ya Llanrhaeadr-ym-Mochnant anamasulira Chipangano Chakale chonse, n'kukonzanso Chatsopano. Kenako anakakhala ku London pafupifupi chaka chathunthu kuyang'anira osindikiza amene sankadziwa chilankhulocho. Mu 1588 Baibulo lathunthu linatuluka, makope pafupifupi 1,000, akuluakulu oikidwa pa guwa. Morgan anatenga Chiwelshi chokoma cha alakatuli akale, chimene wa kumpoto ndi wa kumwera yemwe ankachilemekeza. Lamulungu lililonse, m'parishi iliyonse, anthu ankamva chilankhulo chawo chikuwerengedwa mwaulemu pamalo opatulika, pamene m'khoti chinali choletsedwa. Atalikonza pang'ono mu 1620, Baibulo limenelo linagwira ntchito mpaka 1988 pamene kunatuluka lina latsopano. Abale awo a ku Cornwall, amene chilankhulo chawo n'chofanana ndi Chiwelshi, sanapatsidwe Baibulo, ndipo pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1700 chilankhulo chawo chinali chitazilala pakamwa pa anthu.

Koma buku lili pa guwa si buku lili m'nyumba. Baibulo laling'ono la mashiling'i 5 linatuluka mu 1630, komabe anthu wamba ambiri sankadziwa kuwerenga. Amene ankawerenga ndiwo anayamba kufunsa ngati tchalitchi cha mfumu chikuyendadi monga mwa Malemba. Mu 1639 William Wroth anasonkhanitsa mpingo woyamba woima paokha ku Llanvaches, wopanda bishopu, woweruza nkhani zake wokha. Mu 1649 John Miles anayambitsa mpingo wa Baptist ku Ilston. Ufumu, umene unali utachotsedwa kwa kanthawi, utabwerera mu 1660 anthu amenewa anaona zakuda. Abusa oposa 100 anachotsedwa m'maparishi a Wales, Akhristu ankapemphera mobisala m'nkhokwe ndi m'mapanga, mlaliki Vavasor Powell anafera m'ndende mu 1670, Miles anathawira ku America ndi nkhosa zake, ndipo ambiri a mpingo wa Quaker anasamukira ku Pennsylvania. Lamulo la 1689 linawalola kupemphera poyera, koma anali ochepa, tagulu apa ndi apo.

Amene anasintha zinthu anali wansembe wa tchalitchi cha boma chomwecho, Griffith Jones wa ku Llanddowror, amene ali mnyamata ankaweta nkhosa. Iye anaona kuti anthu ake akubwera ku mgonero osadziwa chimene akudya. M'zaka za m'ma 1730 anayambitsa sukulu zoyendayenda. Mphunzitsi ankafika pamudzi m'nyengo yozizira, ntchito za kumunda zitachepa, n'kukhala miyezi itatu m'tchalitchi kapena m'nkhokwe. Masana ankaphunzitsa ana, usiku akuluakulu. Phunziro linali limodzi lokha: kuwerenga Baibulo ndi katekisimu m'Chiwelshi. Miyezi itatu ikatha, ankasamukira mudzi wina. Olemera ena ankamunyoza kuti akuchedwetsa anthu kuphunzira Chingerezi, koma iye ankaona kuti mwana amadziwa kuwerenga chilankhulo chake m'miyezi yochepa, pamene cha eni chimamutengera zaka. Pomwalira mu 1761, sukulu zoposa 3,000 zinali zitachitika, ndipo ophunzira olembedwa anaposa 150,000, m'dziko la anthu osafika theka la miliyoni. Mayi wina wachuma, Bridget Bevan, ndiye ankathandiza ndi ndalama, ndipo anapitiriza ntchitoyo mpaka imfa yake mu 1779. Mbiri ya sukuluzi inamveka mpaka ku Russia.

Nkhuni zinali zitaunjikidwa, kunatsala moto. Mu 1735 mphunzitsi wachinyamata wa ku Talgarth, Howell Harris, anatembenuka mtima, nayamba kulalikira khomo ndi khomo, kenako m'misika ndi m'madambo. Anapempha kangapo kuti adzozedwe unsembe, bishopu n'kumukana. Ankagendedwa, ndipo ku Bala mu 1741 gulu la anthu linatsala pang'ono kumupha. Nthawi yomweyo ku Llangeitho kunali Daniel Rowland, amene ulaliki wake unkachititsa anthu zikwizikwi kuyenda masiku wapansi kudzalandira mgonero. Wachitatu anali William Williams wa ku Pantycelyn. Iyeyu ankaphunzira za udokotala, koma tsiku lina anamva Harris akulalikira pabwalo la tchalitchi cha Talgarth, moyo wake n'kutembenukira pomwepo. Anapeka nyimbo zoposa 800, ndipo ndi iye anaphunzitsa mtundu wonse kuimba chikhulupiriro chake.

Mphamvu yawo yeniyeni inali m'timagulu totchedwa seiat, tofanana ndi milaga kapena miphakati yathu ino. Anthu khumi kapena makumi awiri ankakumana m'nyumba ya mmodzi wa iwo mkati mwa sabata, aliyense n'kufotokoza mmene moyo wake wauzimu ukuyendera, pamene wagwa ndi pamene walimbika. Wantchito wa pafamu amene sanayankhulepo pagulu anaphunzira kuima n'kupemphera mokweza. Anthuwa ankatchedwa a Methodist, koma musawasokoneze ndi a John Wesley. Iwo anatsata chiphunzitso cha Calvin, ndipo mnzawo wa ku England anali George Whitefield. Sanali angelo. Harris anali wouma mutu, ndipo mu 1750 anakangana ndi Rowland mpaka gulu linagawikana kwa zaka zoposa khumi.

Nanga tchalitchi cha boma chinali kuti? Atsogoleri onsewa anali ana ake, sankafuna kutulukamo. Koma kwa zaka zoposa 140, mpaka 1870, boma la London silinasankhe mbadwa yolankhula Chiwelshi kukhala bishopu ku Wales. Ambiri ankatenga dayosizi ya ku Wales ngati popumira podikira ina yonona ku England. Mu 1763 Rowland analandidwa chilolezo cholalikira, anthu ake n'kumumangira nyumba ina yopemphereramo pafupi pomwepo. Mu 1766 bishopu wa Bangor anapereka parishi ya Trefdraeth, pa chilumba cha Anglesey, kwa wansembe wokalamba wachingerezi, Thomas Bowles, wosadziwa Chiwelshi, pamene mwa anthu pafupifupi 500 a m'parishiyo omva Chingerezi anali asanu okha. Akulu a mpingo anakasuma. Mu 1773 khoti linavomera kuti wansembe wosadziwa chilankhulo cha anthu sayenera kupatsidwa parishi yotere, komabe linamusiya Bowles pamalopo poti anali atalongedwa kale. Mbusa wosatha kutonthoza wodwala kapena kuyankha funso la mwana, ubusa wake uli pati?

M'badwo wachiwiri unatsogoleredwa ndi Thomas Charles wa ku Bala. Iye anafalitsa Sande sukulu, ndipo ya ku Wales inali yosiyana ndi ya kwina: munkakhala ana, makolo ndi agogo omwe, kalasi iliyonse ikukambirana vesi ndi vesi. Njala ya Mabaibulo inakula. Mwina munamvapo za Mary Jones, mwana wa woluka nsalu wosauka wa ku Llanfihangel-y-Pennant. Anasunga timakobiri zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo mu 1800, ali ndi zaka 15, anayenda makilomita oposa 40 kudutsa m'mapiri, amati wopanda nsapato, kukagula Baibulo kwa Charles. Kusowa kwa Mabaibulo kotereku ndiko Charles anakadandaula kwa anzake ku London, ndipo pokambirana anaona kuti vutoli si la Wales yekha. Mu 1804 kunabadwa bungwe la British and Foreign Bible Society, kholo la mabungwe a Baibulo amene afalikira m'maiko ambiri, kuphatikizapo kwathu kuno. Mukagwira Baibulo la Chichewa, dziwani kuti mtsikana uja ali nawo mu mbiri yake.

M'masiku omwewo kunali mayi wina wa pafamu, Ann Griffiths, amene ankapeka nyimbo zozama akugwira ntchito zapakhomo. Anamwalira mu 1805 ali ndi zaka 29, atangobereka. Zambiri mwa nyimbo zake sizinalembedwe ndi iye. Anazisunga pamtima ndi wantchito wake, Ruth Evans, amene anazilakatula kwa mwamuna wake kuti azilembe.

Mu 1811 chingwe chinaduka. A Methodist aja anadzoza abusa awoawo ku Bala ndi ku Llandeilo, n'kukhala mpingo paokha, umene lero umatchedwa Presbyterian Church of Wales. Pamodzi ndi a Baptist, mipingo yoima payokha ija ndi otsatira Wesley, anadzaza dziko ndi nyumba zopemphereramo zimene ankazitcha matchapelo, posiyanitsa ndi tchalitchi cha boma. Inali nthawi ya ng'anjo za chitsulo ku Merthyr Tydfil, kenako migodi ya malasha ku Rhondda ndi miyala yofolerera nyumba kumpoto. Anthu akasamukira kumigodi, chinthu choyamba kumanga chinali tchapelo, ndi ndalama zosonkha pa malipiro awo ochepa. Midzi ina mpaka inatenga dzina la tchapelo chake: Bethesda, Carmel, Nebo. Munthu amene Lolemba anali wakuda bii ndi malasha pansi pa kapitawo, Lamulungu ankakhala pampando wa akulu a mpingo kutsogolo, n'kumasankha nawo mbusa. Alaliki ngati John Elias ndi Christmas Evans wa diso limodzi ankasonkhanitsa makamu pabwalo. Pa kalembera wa opemphera wa 1851, mwa anthu asanu alionse amene anapita kukapemphera ku Wales, pafupifupi anayi anapita ku tchapelo.

Moto umenewu unawolokanso nyanja. Mu 1818 David Jones ndi Thomas Bevan anafika ku Madagascar ndi mabanja awo. M'miyezi yochepa malungo anatenga onse, kutsala Jones yekha. Sanataye mtima, ndipo mu 1835 anthu a ku Madagascar anali ndi Baibulo lathunthu m'chilankhulo chawo. Mu 1841 Thomas Jones anafika ku mapiri a Khasi ku India, n'kuyamba ndi kulemba chilankhulo cha anthuwo. Anachitira ena zimene Morgan anachitira iwo.

Kwawo akuluakulu a boma sankakondwa. Mu 1846 anatuma Angerezi atatu, osadziwa Chiwelshi, kukafufuza za maphunziro. Lipoti lawo la 1847, la zikuto zobiriwira ngati thambo, linanena zoona kuti sukulu zinali zoperewera, koma linapitirira n'kunena kuti Awelshi ndi mbuli, aulesi, akazi awo ndi achiwerewere, ndipo gwero lake ndi chilankhulo chawo ndi matchapelo. Awelshi amalitchabe lipotilo chiwembu. Linawapweteka pawiri. Linawakwiyitsa n'kuwalowetsa m'ndale, komanso linabzala manyazi mwa makolo ambiri, amene anayamba kuganiza kuti mwana kuti atukuke ndi bwino asiye Chiwelshi. Gwirani mfundo imeneyi, tidzaipezanso kutsogolo.

Chimene chinkawawa kwambiri chinali chakhumi. Mlimi wa ku tchapelo ankasonkhera mbusa wake mwaufulu, koma lamulo linkamukakamizanso kulipira chakhumi kwa wansembe wa tchalitchi chimene sankapondamo. Eni minda ambiri anali a tchalitchi cha boma, ndipo pambuyo pa zisankho za 1859 ndi 1868 alimi ena amene sanavotere munthu wa mwini munda anathamangitsidwa m'minda yawo, popeza voti inali ya poyera mpaka 1872. Kuyambira 1886 alimi a ku Denbighshire anakana kulipira chakhumi. Ng'ombe zawo zikamalandidwa kuti zigulitsidwe, anthu ankaliza malipenga, mudzi wonse n'kukhamukira pafamupo, mpaka boma linatumiza asilikali.

Ngakhale maliro sankayenda mwamtendere. Mu 1888 ku Llanfrothen kunamwalira nkhalamba ina yophwanya miyala, Robert Roberts, wa ku tchapelo. Anasiya mawu akuti akamuike pambali pa mwana wake wamkazi m'manda a parishi. Lamulo la 1880 linkalola kuti mbusa wa tchapelo atsogolere mwambo m'manda otere, koma wansembe anakana, nakhoma chipata ndi loko. Abale anapita kwa loya wachinyamata wa zaka 25, David Lloyd George, amene anawalangiza kuti athyole chipatacho akaike malirowo. Anaterodi. Wansembe anawasumira, woweruza wa m'deralo anagamula mokomera wansembe, koma apilo ku London inawapeza osalakwa. Dzina la loyayo linamveka dziko lonse, mu 1890 analowa m'nyumba ya malamulo, ndipo mu 1916 anakhala nduna yaikulu ya Britain. Kutsekera maliro chipata ndi chinthu chimene anthu sakhululuka msanga, kulikonse pansi pano.

Chitsitsimutso chachikulu chinabwera mu 1859, china mu 1904. Chachiwirichi chinayambira ku New Quay, pamene mtsikana Florrie Evans anaimirira pa msonkhano wa achinyamata n'kuvomereza poyera chikondi chake pa Yesu. Kenako kunadzuka Evan Roberts wa ku Loughor, wa zaka 26, amene analowa mumgodi ali mwana. Kumapeto kwa Okutobala 1904 anayankhula kwa anthu 17 m'tchapelo cha kwawo cha Moriah. Anawapempha kuulula machimo, kusiya chilichonse chokayikitsa, kumvera Mzimu msanga ndi kuvomereza Khristu poyera. Pasanathe milungu iwiri misonkhano inkafika mbandakucha. Panalibe ndondomeko. Wina ayamba nyimbo, wina apemphera, atsikana akutsogolera kuimba, Roberts nthawi zina osalalikira n'komwe. Amati anthu pafupifupi 100,000 analowa m'mipingo pasanathe chaka. Ngongole zakale zinabwezedwa, malo omwera mowa anachepa anthu, ndipo amanena kuti mahatchi okoka malasha pansi pa mgodi anasokonezeka poti oyendetsa anasiya kutukwana. Mbiri yake inalimbikitsa amene anayambitsa chitsitsimutso cha Azusa Street ku Los Angeles mu 1906, ndipo mipingo ya Apostolic ndi Elim inayambitsidwa ndi ana a chitsitsimutso chimenechi. Koma mnyamata uja Roberts anamusenzetsa katundu woposa msinkhu wake. Pofika 1906 anali atatheratu mphamvu, anachoka pamaso pa anthu, ndipo anamwalira mwakachetechete ku Cardiff mu 1951.

Nkhondo ya chakhumi ndi manda ija inatha mu 1920, pamene tchalitchi cha boma chija, cha Anglican, ku Wales chinalekanitsidwa ndi boma n'kukhala ndi akibishopu wakewake. Woyamba anali A. G. Edwards, amene anakhala zaka zambiri akutsutsa kulekanitsako. Pempho la Glyndŵr linayankhidwa patapita zaka zoposa 500. Kumasukako kunachichitira zabwino tchalitchicho, chinayamba kukhala cha Awelshi, ndipo mmodzi wa akibishopu ake, Rowan Williams, anadzasankhidwa kukhala wa Canterbury mu 2002. Akatolika nawo anali atachulukanso chifukwa cha anthu ochokera ku Ireland amene anathawa njala ya m'ma 1840.

Koma matchapelo anapambana mlandu nthawi imene mphamvu zawo zinali zitayamba kutha. Zifukwa zake n'zingapo, ndipo zina n'zowawa kunena. Pa nkhondo ya 1914 abusa ena otchuka, monga John Williams wa ku Brynsiencyn, ankakopa anyamata kuti alowe usilikali, iwo atavala yunifolomu. Anyamata zikwi makumimakumi sanabwerere, ndipo obwerera ambiri sanafunenso kumva mawu a pa guwa. Migodi itayamba kutsekedwa ndi njala kulowa m'nyumba, anthu anapeza kuti mabungwe a antchito ndiwo akuwayankhulira. Mipingo inkapikisana, msewu umodzi matchapelo anayi, chilichonse ndi ngongole yake. Mpando wa akulu uja, umene unakweza munthu wamba, unasanduka bwalo la milandu. Mtsikana akatenga pathupi ankamudula pamaso pa mpingo wonse, mwamuna wochimwa naye nthawi zambiri osakhudzidwa. Ana amene anaona zimenezo anakula nazo mumtima.

Ndipo manyazi aja a 1847 anabala zipatso. Sukulu za boma zinkaphunzitsa m'Chingerezi, makolo ambiri anasiya kuyankhula Chiwelshi kwa ana awo, pamene tchapelo chinkapempherabe m'Chiwelshi. Mdzukulu anakhala pa benchi osamva ulaliki, monga mmene kholo lake linakhalira pamaso pa Thomas Bowles. Mu 1901 theka la anthu a ku Wales linkayankhula Chiwelshi. Pa kalembera wa 2021 anali osafika 18 pa 100 alionse. Kalembera yemweyo anapeza kuti 46.5 pa 100 alionse alibe chipembedzo, ndipo odzitcha Akhristu ndi 43.6. Matchapelo ambirimbiri atsekedwa, ena asanduka nyumba zogona, ena mashopu, ena angogwa.

Komabe sikuti zonse zatha. Mpingo wa Presbyterian kumpoto chakum'mawa kwa India, ku Khasi ndi ku Mizoram, umene unabzalidwa ndi Awelshi, lero ndi waukulu kutalitali kuposa mayi wake, ndipo unafika potumiza mbusa kukatumikira ku Wales. Chiwelshi chikuphunzitsidwanso m'sukulu, ndipo Baibulo lamasuliridwanso m'mawu osavuta kuti achinyamata alimve.

Inu ana athu amene mukugwira ntchito ku Cardiff, ku Swansea kapena ku Wrexham, mukaona nyumba yamiyala yolembedwa Bethel kapena Moriah pamwamba pa khomo, ndipo chitseko chili chotsekula Lamulungu m'mawa, lowani. Mwina mukapezamo agogo khumi okha. Akhaleni pambali, imbani nawo ngakhale mawuwo simukuwamva, ndipo potuluka muwauze kuti kwanu Baibulo mumaliwerenga m'chilankhulo chanu.